Makanema a akuda a m'ma 1970 asamangonyozedwa

Akonzi,

Sindikugwirizana ndi nkhani yanu ya sabata yatha yoti makanema a anthu akuda aku America otchedwa blaxploitation anali zinyalala basi.

Ine ndinawaonera m'nyumba ya vidiyo, titathithikana pa benchi, tepi ikuchita mizeremizere. Chomwe chinkatikoka n'choti wakuda sanalinso wantchito wonyamula thireyi, kapena woyamba kufa filimu isanafike patali. Mu Shaft wa mu 1971, Richard Roundtree ankayenda monyang'wa m'misewu ya New York, apolisi achizungu akumupempha nzeru. Wotsogolera filimuyo, Gordon Parks, analinso wakuda, ndipo Isaac Hayes analandira mphoto yapamwamba ya mafilimu ya Oscar mu 1972 chifukwa cha nyimbo ya mufilimuyo. Nanga Pam Grier mu Coffy wa mu 1973? Namwino kulimbana yekha ndi ogulitsa mankhwala ozunguza bongo, holo yonse tinkakuwa.

Zolakwika zinalipo, sindikana. Dzina loti blaxploitation analiyambitsa Junius Griffin wa bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda ku America la NAACP mu 1972, podandaula kuti makampani aku Hollywood akudyera akuda masuku pamutu powaonetsa ngati zigawenga ndi mahule, ndalama zambiri n'kumapita m'matumba a azungu. Anali ndi mfundo.

Pempho langa n'loti olemba za mafilimu m'nyuzipepala yanu aziyamba aonera okha asanaweruze, ndipo azitchula mbali zonse ziwiri. Nawo ma TV athu aziwaonetsa usiku ana atagona, kenako aziitana opanga mafilimu akuno kuti akambirane za amene amapindula ndi nkhani za anthu akuda.

Wowerenga wanu,
Ndirande, Blantyre