Kwa mwana wanga amene akuyang'anira makola a nkhumba ku Thondwe

Mwana wanga wokondedwa,

Kuno ku Jali tili bwino, kupatula bondo la amayi ako lija limene limayamba mwano kukangozizira. Kaya inu kumeneko, iwe, amuna ako ndi adzukulu angawo? Lamulungu lija unandifunsa funso pa foni ine n'kungoti "ndamva". Mayunitsi ako ndinkawamvera chisoni, komanso nkhani yake si yoyankha munthu utaima pachulu kusakasaka netiweki. Ndiye ndakhala pansi ndi pepala. Mlongo wako ajambula n'kukutumizira pa WhatsApp.

Unati eni kampani akupatsa ndalama zoti uthokozere antchito pakutha pa chaka, ndipo iwe ukuganiza zoti mphoto yaikulu ipite kwa amene khola lake silinafe nkhumba ngakhale imodzi. Pokumva zikukoma. Koma ine mtima unangoti phwii, ndipo ndikuuza chifukwa chake. Nkhani iyi amene amaidziwa yonse ndi amayi ako okha.

Iwe uli kumsana, ndinkasamalira nkhumba pa esiteti ina, dzina lake tisiye. Bwana wa pamenepo anali ndi lamulo lofanana ndi ganizo lakoli, kungoti lake linali ndi mano: nkhumba ikafa m'khola lako akudula malipiro, chaka chikatha osafetsa ulandira bonasi. Tsiku lina m'mawa ndikuthira madeya, nkhumba imodzi yaikazi sinadzuke. Inali nkhumba yosusuka, yoti ikangomva chidebe inkakwera khoma ndi miyendo yakutsogolo. Ndinaigwira khutu, linali ngati lachoka pamoto. Pofika masana nsonga za makutu ndi kumimba zinali zitayamba kufiira moderako. Ndinadziwa, mwana wanga. Usaganize kuti sindinadziwe. Koma kunali kutatsala mwezi umodzi kuti tilandire bonasi, ndipo ndinali nditalonjeza kale amayi ako malata. Ndinaikokera kukhola la kumapeto, ndipo kapitawo atafunsa ndinati yangofooka ndi dzuwa. Mawa lake inafa. Usiku ine ndi mnzanga tinakaikwirira kuseri kwa nthochi, mnzangayo n'kudulako mwendo kuti kunyumba akalawe. M'mawa ndinalowa m'makola ena onse ndi magambutsi omwewo.

Sipanathe masabata atatu. Alangizi a ziweto anabwera, anatseka malo, zotsala zinaphedwa n'kukwiriridwa, ndipo tonse ntchito inatha tsiku limodzi. Kumudzi kwa mnzanga uja nkhumba za anthu zinagwanso. Sindikunena kuti ndikanaulula msanga zonse zikanapulumuka, ayi. Chigodola cha nkhumba chilibe mankhwala, katemera wake kuno kulibe, ndipo nkhumba zoyera za mtundu wa Large White ndi Landrace ngati zanuzo chikazigwira chimatha kusesa pafupifupi zonse. Koma makola a kumtunda, amene matenda ndinawapititsako ndi mapazi anga, akanatsala. Malata aja tinadzagula iwe uli Sitandade 4.

Ndiye taona. Ukalonjeza mphoto kwa wosafetsa, waphunzitsa anthu kubisa. Wodwala adzamubisa, wakufa adzamukwirira usiku, ndipo m'buku mudzalembedwa zoyera. Chikomekome cha mkuyu. Ine ndikanakhala iwe, mphoto yoyamba ikanapita kwa amene anakudzutsa pakati pa usiku kuti nkhumba yakuti sikudya, ngakhale zitapezeka kuti inangodzimbidwa. Umutchule dzina pamaso pa anzake, unene tsiku lake ndi khola lake, kuti aliyense aone kuti pakampani pano wobweretsa uthenga woipa sakalipiridwa. Ndipo khola lililonse likhale ndi choyezera kutentha kwa thupi chakechake, aliyense adziwe kuti nkhumba yabwino imakhala cha pa 39, ikapyola 40 ayitane iwe, iwe uyitane alangizi a ziweto. Osadikira kuti tione mawa.

Za pageti unaphunzira ku Bunda, sindingakuphunzitse. Koma buku limanena za mankhwala opondamo, silinena za mlonda amene ayenera kubweza galimoto ya mlamu wa bwana. Munthu ameneyo ndiye mpanda weniweni. Mavenda a kanyenya amayenda khola ndi khola, m'mawa ali ku Mayaka, masana ali kwa inu, magazi a nkhumba ya dzulo ali m'nsapato ndi pakaliyala wa njinga. Asalowe. Nkhumba yogulitsa iziwapeza kumpanda. Kachilombo kameneka anthu sikatidwalitsa, n'chifukwa chake timakapeputsa, koma mu nyama yowamba kapena yothira mchere kamakhala miyezi. Chotero zotsala za m'mahotela ndi m'masukulu ogonera, zikhale zaulere chotani, zisafike m'chodyera. Nkhumba yogula kwina ikhale payokha masiku 30. Ndipo mphongo yanu isabwerekedwe, ngakhale atabwera ndi a mfumu. Mlonda akabweza munthu wolemekezeka chifukwa cha lamulo lako, usakapepese mlendoyo mlonda akumva. Ukatero mawa adzatsegulira aliyense.

Pali china chovuta, antchito amene amaweta nkhumba kwawo. Ukangowaletsa pakamwa adzakuvomera, kenako n'kumaweta m'dzina la akazi awo. Khala nawo pansi. Nkhumba ya munthu wa kumudzi ndi fizi ya mwana, ndi feteleza. Ukamuuza asiye, muuzenso chimene apate m'malo mwake, kaya mbuzi, kaya kangachepe pamalipiro, kaya nyama ya pakampani pamtengo wotsika kuti asakagule ya pamsika. Zovala ndi magambutsi a ntchito zizigona kuntchito, sopo azikhalapo. Sopo akatha sabata yathunthu osagulidwa, usadabwe anthu akaleka kukhulupirira zonse zimene umanena za matenda.

Tsopano za phindu, poti eni ake chimene adzakufunse ndi chimenecho. Iwo amawerenga nkhumba zokwera galimoto. Koma ndalama zimapangidwa kapena kutayika m'chipinda choswera, masiku atatu oyamba a kamwana. Bere la nkhumba ndi miyezi itatu, masabata atatu ndi masiku atatu, masiku 114, ndiye tsiku loswa silidzidzimutsa munthu wolemba. Chimene chimasowa ndi munthu wokhala maso. Nkhumba zambiri zimakonda kuswa usiku. Ine ndachezera nazo ndi nyali ya galasi ndi chiguduli paphewa: kakatuluka, pukuta mphuno ndi kukamwa, kaike pabere kayamwe mkaka woyamba uja, chifukwa chitetezo chonse cha kamwanako chili mmenemo ndipo pakapita tsiku limodzi thupi lake silichilandiranso. Kofooka kamene akuluakulu akukakankha, ukagwirire bere ndi dzanja lako. Kenako khala tcheru, pakuti mayi wolemera makilogalamu 200 akatembenuka osayang'ana, umangomva kulira kamodzi kosiyana ndi kwina konse, ndipo ukachedwa kumumenya pantchafu kuti adzuke wataya kamodzi. Mu June ndi July, chiperoni chikatsika m'phiri la Zomba, tianato timafunafuna kutentha pamimba pa mayi, ndipo ndi nthawi imene timaphwanyidwa kwambiri. Kabokosi ka udzu wouma pakona, ndi getsi kapena mbaula yotchingidwa bwino, kamapulumutsa ambiri kuposa botolo lililonse la mankhwala. Tsiku lachitatu jakisoni wa ayironi, poti pasimenti palibe dothi loti tifukule, ndipo mkaka wa nkhumba uli ndi ayironi wochepa.

Munthu amene amachita zonsezi, masana iwe sumuona. Ukamafika 7 koloko iye akupita kukagona, maso ali psuu. Nkhumba ikaletsa kuyamwa ana 11 m'malo mwa 8, atatu apamwambawo ndi tulo take. Pita usiku umodzi osanena, ukhale naye mpaka kucha, utenge fulasiki ya tiyi. Usatume kapitawo kuti akakuonere. Kandimverere anakanena za m'maluwa.

Winanso ndi wodziwa kuona kuti nkhumba ikufuna mphongo. Ana akachotsedwa, mayi amafunanso pakapita masiku anayi mpaka asanu ndi awiri. Ukamusindikiza pamsana ndi manja awiri amangoima nji, makutu ali chilili. Mukaphonya pamenepo mudikira masiku 21, ndipo pamasiku amenewo adya pafupifupi thumba lathunthu la makilogalamu 50 popanda chobweza. Chulukitsa ndi nkhumba zaikazi zimene muli nazo, uone ndalama zimene zili m'maso mwa bambo mmodzi amene mwina sadziwa n'kulemba komwe. Unandiuza kuti pali madala ena amene amakutsutsa kawirikawiri ndipo umaona ngati akukuderera poti ndiwe mkazi, wamng'ononso. Mwina n'zoona, amuna ena ndi otero, ndipo mwano usaulekerere. Koma yamba wamva chimene akunena. Galu wamkota sakandira pachabe. Uziwaitana kuti bambo, ukafuna kuwadzudzula uwaitanire mu ofesi, ndipo akakhoza unene poyera kuti nzeru iyi inali ya madalawa. Digiri yako sichepa nazo.

Chakudya ndiye chimadya ndalama zambiri za khola, ukudziwa. Ndingokukumbutsa za wosunga sitolo. Madeya ogula nthawi ya mvula, onyowa pang'ono, amachita chuku, ndipo nkhumba zodya chuku zimangopinimbira, zina kutaya bere, inu n'kumasaka mfiti. Munthu amene amapisa dzanja pakati pa thumba, kununkhiza, n'kubweza katundu ngakhale wogulitsa atamulonjeza ya fanta, ameneyo wakupulumutsira zambiri. Soya akazingidwe bwino, wamuwisi amatsekula m'mimba. Ndipo madzi: yoyamwitsa imamwa malita oposa 20 patsiku, makamaka mu October muja, poti nkhumba situluka thukuta. Mnyamata wotsegula mipopi yotsekeka naye ali m'gulu la opanga phindu.

Kunena za madzi, samala kumene zonyansa za m'makola zikupita. Kuno ku Zomba tili ndi abale athu Achisilamu ambiri, ndipo mtsinje ndi wa tonse. Mvula ya Freddy mu March 2023 inationetsa mmene madzi amadzazira maenje n'kusefukira kumene sunaganizeko. Kumba dzenje lina mvula isanagwe, manyowa uzigawira alimi oyandikana nawo amene akuwafuna. Ndipo ngati pakati pa alonda kapena madalaivala ako pali Msilamu kapena wa Seventh Day, chonde pa tsiku la mphoto usamupatse phukusi la nyama ya nkhumba. Ndinaziona zikuchitika, munthu analandira ndi manja awiri chifukwa cha ulemu, n'kukalisiya pageti. Funsa. Wina akufuna njinga, wina matumba awiri a feteleza mu November osati pa Khirisimasi, wina akufuna umutumize ku maphunziro ngati a ku Mikolongwe kuti naye adzakhale ndi pepala.

Za satifiketi ya m'galasi ndi phwando ku loji sindikukana, anthu amakonda kujambulitsa. Koma yamba wayang'ana izi: kodi malipiro amafika pa tsiku lake? Kodi ndalama za penshoni, 10 peresenti ya kampani ndi 5 ya wantchito monga lamulo linenera, zikupitadi kumene ziyenera kupita, kapena zimangodulidwa papepala? Kodi amene amagwira Lamulungu ndi pa holide, poti nkhumba sidziwa Khirisimasi, amapuma tsiku lina? Munthu wa magambutsi obooka amene wayembekeza malipiro mpaka pa 12, ukampatsa satifiketi amaona ngati ukumuseka. Izi eni kampani sadzazikonda kumva, koma woyenera kuwauza ndiwe, ndipo uwauze ndi manambala a m'buku la makola, chifukwa chinenero chawo ndi chimenecho.

Chenjeranso ndi nsanje. Mphoto ikagwera munthu mmodzi pakati pa anthu 30, otsalawo amayamba kunong'ona kuti ndi m'bale wa bwana, kapena anakhwimira. Gawa m'magulu, oswetsa paokha, olera ana oletsedwa kuyamwa paokha, onenepetsa paokha, alonda ndi amayi otsuka makola paokha, ndipo muyezo wake uukhome pakhoma kuyambira January kuti aliyense aziona mmene akuyendera. Mwana wa azakhali ako uja unamulemba ntchito, ngakhale atalimbika chotani, chaka chino asapate kanthu pagulu. Udzamuthokoze kunyumba. Azakhali akowo akadandaula, atumize kwa ine.

Chomaliza, wantchito akaferedwa, pita wekha kumaliro, usangotumiza envulopu. Pobwera usalowe m'makola tsiku limenelo, poti kumaliro kumaphedwa nkhumba zosadziwika kumene zachokera, ndipo iyenso akabwerera asambe, asinthe zovala, ayambe wagwira za panja masiku awiri. Umufotokozere chifukwa chake bwinobwino, asaganize kuti ukumusala.

Amayi ako akuti nandolo wako akukudikira, ndipo akuti uwagulire mafuta opaka bondo aja ku famase ya m'tauni, a chivindikiro chofiira osati chobiriwira. Ukamabwera usavale nsapato za kuntchito, a kuseri kwathuku ali ndi tinkhumba tawo titatu ndipo sindifuna milandu. Nkhani ya kuseri kwa nthochi ija ukhoza kuwauza antchito ako ngati ingathandize, koma usanene kuti anali bambo ako.

Moni kwa amuna ako ndi ana.

Ndine,
Bambo ako