Magolovesi amodzi odwala onse, zoona?

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko pa momwe ena mwa ogwira ntchito m'zipatala amavalira zodzitetezera. Ambiri amagwira ntchito modzipereka, izi sindikutsutsa ayi, koma pali kachizolowezi kena kamene kamandidetsa nkhawa kwambiri.

Umaona nesi wavala magolovesi bwinobwino, watsuka bala la wodwala uyu, kenako ndi magolovesi omwewo wagwira foni, bolopeni, fayilo, mpaka kukafika pabedi lina osasintha, ndiye kuti iyeyo wadziteteza inde koma majeremusi wawanyamula yekha kukapatsa wina. Magolovesi amayenera kusinthidwa pa wodwala aliyense, ndipo ukavula usambe m'manja kapena upake sanitayiza, sikuti poti unavala basi manja ndi oyera. Masiki nayo ili pachibwano mphuno ili pamtunda, muwodi momwe anthu akutsokomola, chonsecho TB imayenda mumpweya ndipo pamafunika masiki yapadera yotchedwa N95 yogwira bwino kumaso.

Ena amati tinazolowera, zimatentha, zimachedwetsa ntchito. Ndikumva ndithu, kuvala masiki tsiku lonse sikophweka. Komatu bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linayerekeza kuti pakati pa Januwale 2020 ndi Meyi 2021, COVID-19 inapha azachipatala pakati pa 80,000 ndi 180,000 padziko lonse. Mliri utangochepa anthu ayambanso kutayirira.

Komanso tisangoloza chala manesi okha. Bokosi la magolovesi likatha atani? Akuluakulu a zipatala aziwonetsetsa kuti zipangizo zilipo nthawi zonse, za masayizi oyenera, ndipo madokotala akuluakulu aziyamba ndi iwowo kuvala moyenera poti ophunzira amaonera kwa iwo.

Ine,
Wowerenga wokhudzidwa