Kalata kwa mwana wanga ku Coimbra, ku Portugal

Mwana wanga wokondedwa,

Amayi ako andiwerengera uthenga wako kawiri konse, uja ukunena kuti anzako a m'kalasi amakuitana Lachinayi lililonse kuti mukacheze ku bwalo la Praça da República, koma iwe umakana n'kudzitsekera m'chipinda. Iwo akondwera, akuti mwana wathu ndi wosunga mwambo. Ine mtima sunakhale pansi, chifukwa mzinda umenewo ndinakhalamo zaka ziwiri ndisanakwatire amayi ako, ndipo chipinda chotseka m'nyengo yozizira ndikuchidziwa. Mu Disembala dzuwa limalowa cha m'ma 5 koloko, mvula ili wawawa, iwe uli wekha ndi maganizo a kwathu. Si mwambo umenewo, mwanawe, ndi kusungulumwa. Uzituluka.

Yamba masana. Tsikira ku Praça 8 de Maio, ulowe mu Café Santa Cruz. Nyumbayo poyamba inali tchalitchi, anaisandutsa malo omwera khofi mu 1923, ndipo khoma ndi khoma ndi tchalitchi cha Santa Cruz momwe anaika Afonso Henriques, mfumu yoyamba ya Portugal. Ukakhala pansi uyang'ane kumwamba, uone denga la miyala lopindika ngati nthiti, ndi mipando yachikopa yodetsedwa ndi misana ya anthu. Akubweretsera kakapu kokwana m'chikhatho, khofi wake wowawa zedi. Akakukanika, itanitsa galão, wamkaka uja wa m'tambula. Chimene chinandidabwitsa ine n'chakuti munthu amatha maola awiri ndi kakapu kamodzi komweko, nyuzipepala ili m'manja, osapezeka womuthamangitsa. Chipinda chotchipa ndinachimvera patebulo lotere. Mnzanga wa ku Cabo Verde amene anandithandiza phunziro limene linkandigwetsa ndinakumana naye pamalo otere. Zimenezi sizikanandipeza pabedi.

Mukapita kukadya, buledi ndi maolivi amene amaika patebulo musanaitanitse si mphatso ya mlendo monga kwathu. Ukadya ulipira, ukapanda kufuna unene abweze.

Ndikufunanso kuti ukamve fado, nyimbo yachikhalidwe ya Apwitikizi, ya ku Coimbra. Ndi yosiyana ndi ya ku Lisboa. Ku Coimbra mwamwambo oimba ake ndi amuna, ophunzira kapena amene anaphunzirapo, atafunda chinsalu chakuda chija, gitala wachipwitikizi akulira pambali. Mu Meyi, poyamba chikondwerero cha ophunzira cha Queima das Fitas, amaimba pakati pa usiku. Ine ndinaimvera pamasitepe a tchalitchi chakale cha Sé Velha, anthu atadzaza bwalo lonse mpaka m'tinjira, onse chete, ngakhale oledzera. Nyimbo itatha ndinakweza manja kuti ndiombe, mkulu wina pambali panga anandigwira mkono mwaulemu. Kumeneko saomba m'manja pa nyimbo yotere, amangotsokomola pang'ono pakhosi, ndiko kuyamikira kwake. Ndinalira usiku umenewo, ndinakumbukira nyimbo za pamaliro kwathu ku Angónia. Yunivesite imene ukuphunzirayo inayamba mu 1290 ndipo inakhazikika ku Coimbra mu 1537. Ana a anthu akhala akuimba za kusiyana ndi kwawo m'tinjira timeneto kwa zaka mazanamazana, iwenso ndiwe mmodzi wa iwo.

Tsopano za usiku, ndipo apa undimvetsetse. Anthu akumeneko amadya mochedwa, 8 kapena 9 koloko, mabala amadzaza cha m'ma 11, ena amafika m'bandakucha. Mowa amauthira m'katambula kochepa kamene amati fino, mtengo wake wosaopsa. Poopsa m'pomwepo, chifukwa kanthu kochepa munthu sawerenga.

Pali chinthu chimene sindinakuuzepo. Mu Januwale wa chaka changa choyamba ndinalandira kalata yoti agogo ako aamuna akudwala, ine ndalama ya ulendo ndilibe. Sindinauze munthu. Ndinalowa m'bala ina kumtunda kwa mzinda, ndinakhala ndi anyamata amene mayina awo sindinkawadziwa, ndinamwa osadya kanthu. Cha m'ma 3 koloko iwo anabalalika, aliyense njira yake. Ndinatsika ndekha pa Quebra-Costas, masitepe aja ochokera ku Sé Velha kutsikira ku chipata chakale cha Arco de Almedina. Dzina lenilenilo likutanthauza chothyola msana. Miyala yake ndi yosalala chifukwa cha mapazi a anthu, ndiye kukagwa mvula imaterera ngati therere. Ndinagwa, dzanja lamanja linathyoka pamfundo, ndinakhala pamwala wozizira mpaka bambo wina wopita kuntchito m'mamawa anandidzutsa. Mayeso a mwezi umenewo sindinalembe. Dzanja lija umandiona ndikulisisita m'mwezi wa Juni, chiyambi chake n'chimenecho.

Sindikuimba mlandu mzinda. Usiku umenewo sindinapite kukacheza, ndinapita kukabisa chisoni. Ukamva mtima ukulemera, usalowe m'bala, tiimbire foni ngakhale pakati pa usiku, amayi ako sagona msanga. Ukatuluka, tuluka uli wokondwa, ndi anthu amene akudziwa khomo lako ndipo sangakusiye panjira. Mayendedwe abwino ndi a linda madzi apite ndipo uziti ndadala. Uzidya kaye. Tambula yako usaisiye patebulo n'kukavina kenako n'kudzamwanso. Ngati sukufuna mowa, itanitsa madzi kapena chakumwa chozizira, palibe amene angakuseke kawiri. Nambala ya pangozi ndi 112, uisunge pamtima.

Ena adzakuuza kuti ku Portugal chamba n'chololedwa. Akunama. Chimene chinasintha mu 2001 n'chakuti wopezeka ndi mankhwala ozunguza bongo ochepa ogwiritsa yekha samutengera kukhoti ngati chigawenga, koma kugulitsa ndi mlandu waukulu mpaka lero. Iwe ndiwe mlendo, uli ndi chikalata chokhalira chimene chimafuna kukonzedwanso. Kaphukusi ka munthu usamusungire, ngakhale akhale mnzako wa pamtima.

Sabata ya Queima mowa umayenda ngati madzi, pamsewu amachita kuthirana, ndipo tsidya la mtsinje wa Mondego zoimba zimafika m'mawa. Pitako uone, koma ndalama ya lendi uilipire chikondwerero chisanayambe, chifukwa mayeso ali pafupi pomwepo.

Lachinayi likubwerali uvomere. Ndipo Loweruka masana upite ku Santa Cruz, ukhale chakumbuyo, ujambule denga lija unditumizire, ndikufuna ndione ngati likadali monga ndinalisiyira. Kuno ku Ulongwe mvula yayamba bwino, chimanga chamera, mbatatesi tikumba mwezi wamawa. Azakhali ako akupereka moni, amayi ako akuti uzivala zofunda ukamatuluka.

Ndine bambo ako.