Ana akutsokomola, ayezeni m'mphuno osangolemba amoxicillin

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za chimfine ndi chifuwa, poti kukangozizira mu June ndi July nyumba iliyonse mumamveka mwana akutsokomola. Ukapita naye kuchipatala amamubaya pachala kuyeza malungo, akapeza kuti alibe basi amoxicillin ndi panado, mayi dzipitani. Koma zimfine zambiri zimabwera ndi mavairasi ngati flu ndi RSV, uyu wa RSV ndiye amabanikitsa makanda mpaka pansi pa nthiti kumalowa mkati akamapuma, ndipo amoxicillin sapha vairasi ayi, ntchito yake ndi mabakiteriya. Tikungomwetsa ana mankhwala pachabe, mabakiteriya nkumawazolowera, tsiku lomwe mwana adzadwale chibayo cha mabakiteriya mankhwala omwewo osagwiranso.

Chikundiwawa nchoti njira zoyezera tinaziona ndi maso athu. Korona atalowa muno mu April 2020, ndani sakukumbukira kathonje kapakamtengo kaja kolowa m'mphuno mpaka misozi mbwembwembwe? Zomwe kathonjeko katola akazipititsa ku labu pa PCR, makina amatenga kachidutswa ka chibadwa cha vairasi nkukachulukitsa kambirimbiri mpaka kaoneke, ndiye ngakhale vairasi akhale wochepa kawirikawiri amagwidwa ndithu. Panalinso yachangu ija ya antigen, mphindi 15 mizere yatuluka ngati poyeza malungo, kungoti iyoyo imaphonya vairasi akakhala wochepa m'mphunomo.

Nanga makina a GeneXpert aja oyezera TB m'zipatala za m'maboma? Omwewo anayezanso korona, kumangosintha katiriji basi, kabokosi koikamo zoyezedwazo kolowetsa m'makinamo. Ndipo ilipo katiriji yoyeza korona, flu ndi RSV pakamodzi, ola lisanathe zotsatira zatuluka. Makina alipo, anthu a mu labu anaphunzira kale ntchitoyi.

Inde makatiriji ndi odula komanso magetsi athu amathimathima, sindikunena kuti aliyense wotuluka mamina ayezedwe. Koma khanda lomwe lagonekedwa mu wodi likubanika, agogo, odwala mphumu ndi omwe ali pa ma ARV, amenewa adotolo adziwe chenicheni chomwe akulimbana nacho, komanso mwana wa RSV asagonekedwe bedi limodzi ndi mnzake yemwe wabwera ndi matenda ena. A Unduna wa Zaumoyo chonde ikani makatiriji amenewa pa bajeti, muyambire m'mawodi a ana nyengo yozizira isanafike.

Ine kholo lokhudzidwa,
Zomba