Kalata kwa mnzanga wa ku Johannesburg: DAC kapena amplifaya?

Chilomoni,
Blantyre.

Okondedwa achimwene,

Ndikukulemberani m'mawa wa Loweruka, chiperoni chitaphimba phiri la Michiru moti nsonga yake sikuoneka konse. Kuno tonse tili bwino, kaya inu, alamu ndi ana kumeneko? Uthenga wanu ndinaulandira Lachiwiri, koma ndinaona kuti funso lanu silingayankhidwe ndi mizere iwiri ya pa WhatsApp, n'chifukwa chake ndadikira tsiku lopuma kuti ndikhale pansi ndi kulemba mofatsa.

Mwanena kuti mwagula mahedifoni a Sennheiser HD 600 amene munkawalakalaka kuyambira kale, koma mutawalumikiza ku foni mtima wanu wagwa, chifukwa mawu akutuluka ofooka, besi ilibe mphamvu, ndipo ngakhale mukweze voliyumu mpaka kumapeto, nyimbo zikumveka ngati oimbawo ali kuseri kwa chipupa. Mwanenanso kuti wogulitsa wakuuzani kuti mankhwala ake ndi DAC yodula, kachipangizo kosandutsa nyimbo ya m'foni kukhala mphamvu ya magetsi yopita ku mahedifoni, pamene ndalama zomwe mwasunga zikukwanira chinthu chimodzi chokha. Yankho langa ndi lakuti muyambe ndi amplifaya. Mwachita bwino kufunsa musanatulutse ndalama, paja safunsa anadya phula, ndipo ndikufuna kuti mumvetse chifukwa chake, osati kungokhulupirira mawu anga monga mukanakhulupirira a wogulitsayo.

Nyimbo imene ili m'foni kapena m'kompyuta si mawu ayi, ndi manambala okhaokha. Pamene makampani a Sony ndi Philips anatulutsa CD m'chaka cha 1982, anali atagwirizana kuti mawu aziyezedwa ka 44,100 pa sekondi iliyonse, ndipo muyezo uliwonse uzilembedwa ndi ma bit 16, ndiye kuti timanambala 16 ta 0 kapena 1. Ntchito ya DAC ndi kuwerenga manambalawo ndi kuwasandutsa mphamvu ya magetsi imene imakwera ndi kutsika motsatira mmene mawuwo analili pojambulidwa. Nambala ya 44,100 sinasankhidwe mwachisawawa. Khutu la munthu wachinyamata limamva kuyambira 20 Hz mpaka pafupifupi 20,000 Hz (Hz ndi kuchuluka kwa maulendo amene mawu amanjenjemera pa sekondi), ndipo masamu ake amafuna kuti kuyeza kuchitike mopitirira kawiri mawu okwera kwambiri amene mukufuna kusunga. Ma bit 16 nawo amapereka mpata wa pafupifupi 96 dB (dB ndi muyezo wa kukula kwa mawu) pakati pa kachete ndi phokoso lalikulu. Kuno kwathu, kumene minibasi zimaliza mahutala m'mawa wonse ndipo chigayo cha pafupi chimadzuka tambala asanamalize kulira, mpata umenewo sindinaugwiritsepo ntchito wonse, ndipo ndikukayika ngati nyumba yanu ya m'tauni yaikuluyo ili zii kuposa yanga.

Choncho DAC muli nayo kale, achimwene. Ili m'foni mwanu, m'laputopu, ngakhale m'wailesi ya kanema. Kuchokera pamene kampani ya Apple inachotsa kabowo ka mahedifoni pa iPhone 7 m'chaka cha 2016, ndipo makampani ena n'kutsatira, DAC inasamukira m'kachingwe kakafupi kamene timalumikizira mahedifoni, ndipo m'kachingwe komweko muli kaamplifaya kakang'ono. Tchipi, tizipangizo ting'onoting'ono togwira ntchito yeniyeniyo m'mabokosi odula a DAC, zimachokera ku makampani ochepa chabe, monga ESS, Cirrus Logic, AKM ya ku Japan, ndi Texas Instruments imene inagula Burr-Brown m'chaka cha 2000. Fakitale ya AKM ya ku Nobeoka itapsa mu Okutobala 2020, opanga ma DAC ambiri anasinthira ku tchipi za makampani ena ndipo malonda anapitirira. Kwa ine zimenezi zikusonyeza kuti dzina la tchipi lolembedwa ndi zilembo zagolide pa katoni si limene limaimba nyimbo.

Amplifaya ili ndi ntchito ina, ndipo njira yosavuta yoimvetsa ndi kukumbukira madzi amene timamwa mu Blantyre muno. Ambiri mwa madziwa amatungidwa mu mtsinje wa Shire ku Walker's Ferry ndi kuyeretsedwa, koma kuyera kwake sikungawakweze mapiri kudzafika ku Ndirande kapena kuno ku Chilomoni. Pamafunika mapampu amphamvu owakankha. DAC ili ngati malo oyeretsera madzi, pamene amplifaya ndi pampu, ndipo mahedifoni anuwo ndi nyumba yomangidwa pamwamba pa phiri. Mukhoza kuwononga ndalama zonse kuyeretsanso madzi amene ali oyera kale, koma pampopi panu pazingodontha basi.

Ndikuuzeni ndi manambala kuti muone kuti si nthano. Mahedifoni a HD 600, amene anatuluka m'chaka cha 1997, ali ndi ma ohm 300 (ohm ndi muyezo wa mmene chinthu chimakanizira magetsi kudutsa), pamene timahedifoni tambiri togwiritsa ntchito ndi foni tili ndi ma ohm 32 kapena kucheperapo. Mafoni ambiri ndi tizingwe tawo amatulutsa volt imodzi kapena yosakwana n'komwe. Volt imodzi ikalowa m'mahedifoni a ma ohm 32 imapereka mphamvu ya pafupifupi ma milliwatt 31, koma ikalowa m'mahedifoni a ma ohm 300 imapereka ma milliwatt 3.3 okha. Pa nyimbo yofatsa zimenezi zikhoza kukwanira, koma nyimbo simayenda pa mulingo umodzi. Pamene kwaya yatsitsa mawu kenako ng'oma n'kugunda mwadzidzidzi, mphindi imeneyo imafuna ma volt ochulukirapo kangapo, popeza kuti mawu akwere ndi 6 dB pamafunika kuwirikiza kawiri ma volt. Kaamplifaya ka m'foni kakafika pamapeto pa mphamvu zake kamadula nsonga za mawuwo, ndipo ndi pamene ng'oma imamveka ngati munthu akumenya katoni.

Musatenge ma ohm okha ngati muyezo wa zonse. Pa katoni pamalembedwanso nambala ina yosonyeza kuchuluka kwa mawu amene mahedifoni amatulutsa akalandira mphamvu yochepa, imene amaitcha sensitivity. Mahedifoni ena a mtundu wa planar, amene amatulutsa mawu ndi kachikopa kopyapyala koikidwa pafupi ndi maginito, monga ena a HiFiMan, ali ndi ma ohm ochepa koma amameza mphamvu yambiri asanayambe kulankhula bwino. Kampani ya Beyerdynamic imagulitsa DT 770 Pro m'mitundu ya ma ohm 32, 80 ndi 250, kuti wogula asankhe molingana ndi chida chimene adzalumikizeko. Mukanagula a ma ohm 32 ngati amenewo, ndikanakuuzani kuti musunge ndalama zanu, musagule DAC kapena amplifaya.

Palinso nambala ina imene ogulitsa sakonda kuitchula, ya ma ohm a potulukira mawu pa amplifaya yeniyeniyo. Lamulo limene anthu a ntchitoyi amatsatira ndi lakuti ikhale yosapitirira gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu a ma ohm a mahedifoni. Chifukwa chake n'chakuti ma ohm a mahedifoni amasintha molingana ndi kukwera kapena kutsika kwa mawu. A HD 600 amakwera kupitirira 500 pafupi ndi 100 Hz, kotero amplifaya ya ma ohm ambiri potulukira, monga zina za machubu agalasi owala aja, imakuza besi pamalo amenewo. Anthu ena amakonda kukoma kumeneko ndipo sindiwadzudzula, koma ndi bwino kudziwa kuti akugula utoto wowonjezera, osati zimene zinajambulidwa.

Zimene ndikunenazi ndinaziyesa ndekha patebulo la pabalaza chaka chatha. Mnzanga wina wa ku Namiwawa anandibwereka DAC yake yolemera, ya chitsulo chonyezimira, ndipo ndinaiika pambali pa yanga yaing'ono ngati bokosi la machesi, zonse ziwiri zikulowa mu amplifaya imodzi. Nyimbo yoyesera inali ya amayi a Mvano a kumpingo kwathu imene ndinajambula ndekha, chifukwa mawu awo ndimawadziwa mmodzimmodzi, ndipo ndimadziwa pamene mayi wina wa alto amakoka mpweya vesi lachiwiri lisanayambe. Ulendo woyamba yodulayo inamveka yokoma kwambiri moti ndinayamba kuwerengera malipiro a miyezi ingati angandigulire yanga. Kenako ndinatenga mita yoyezera magetsi, ndinaliza kamvekedwe kamodzi ka 1,000 Hz, ndipo ndinapeza kuti yodulayo inkatulutsa ma volt awiri pamene yanga inkatulutsa imodzi. Inkangofuula chabe kuposa inzake, ndipo khutu la munthu limanyengeka msanga, chofuula limachiyesa chokoma. Nditalinganiza mulingo wa ziwirizo, ndinaphimba zonse ndi chitenje cha mayi a kunyumba, mphwanga n'kumasintha mawaya kuseri ine nditatembenuka. Pa maulendo khumi ndinalondola asanu ndi limodzi, zomwe sizisiyana ndi kungolota. Ndinakumbukira za chikomekome cha mkuyu, ngakhale kunena zoona m'bokosilo munalibe nyerere, linali labwino ndithu, kungoti ubwino wake wowonjezerawo unali kunja kwa zimene makutu anga angafike.

Madzulo omwewo tinachotsa amplifaya ndi kulumikiza mahedifoni a ma ohm 250 molunjika ku foni. Apa panalibe chofunira chitenje. Ngakhale mphwangayo, amene sasamala za zinthu zimenezi, anavula mahedifoni n'kufunsa kuti ng'oma yapita kuti.

Sindikunena kuti DAC yapadera ilibe ntchito. Laputopu yanga yakale inkatulutsa kaphokoso kosokosa m'makutu nthawi iliyonse ndikasuntha mausi, ndipo ndikalumikiza tchaja pankabwera kulira kwapansipansi kosalekeza, kochokera ku magetsi a m'nyumba amene amasinthasintha ka 50 pa sekondi. DAC yakunja yotsika mtengo inathetsa phokoso la mausi tsiku lomwelo, chifukwa inachotsa ntchito yosandutsa manambala m'kati mwa kompyuta mmene muli chipwirikiti cha magetsi. Kulira kwa tchaja kunatha nditasamutsira DAC ija pa chingwe cha optical, chimene chimatumiza manambala ndi kuwala m'malo mwa waya wamkuwa. Choncho muyese chonchi usiku ana atagona: valani mahedifoni, imitsani nyimbo, kwezani voliyumu. Mukamva kuti kuli zii, DAC yanu ilibe mlandu. Mukamva kusokosa kapena kulira, pamenepo ndiye ganizirani zogula ina, ndipo yotsika mtengo ya kampani yodziwika ikwanira.

Pa zogula, pali njira ziwiri. Makampani a Schiit ndi JDS Labs a ku America amagulitsa timabokosi tosiyana, DAC payokha ndi amplifaya payokha, kotero mukhoza kugula amplifaya yawo ya Magni kapena Atom lero, DAC n'kudzabwera chaka chamawa ngati idzafunike. Makampani monga FiiO ndi Topping a ku China, kapena iFi ndi Chord a ku Britain, ali ndi zida zophatikiza zonse ziwiri m'bokosi limodzi, zina zili ndi batire. Popeza inu mumamvera nyimbo pa foni, chophatikizachi chingakuchepetsereni mawaya, koma posankha musayang'ane dzina la tchipi. Yang'anani mphamvu imene chimapereka pa ma ohm 300, ndiponso ngati chili ndi kaswitchi kosinthira gain, ndiye kuti mulingo umene amplifaya imakuzira mawu, kuti tsiku limene mudzalumikize timahedifoni ta m'makutu musadzamve mpweya wosokosa pansi pa nyimbo.

Popeza munanena kuti mudzabwera nazo kuno pa Khirisimasi, kumbukirani kuti magetsi athu ndi a 230 V ngati a kumeneko, kungoti mapulagi athu ndi a mano atatu amakona pamene anu ndi obulungira. Chenjerani ndi zida zoitanitsa ku America, chifukwa zina zimabwera ndi adaputa ya 120 V yokha, ndipo mukaibaya pakhoma la kuno imapsa nthawi yomweyo. Amplifaya yanga yoyamba inafa mwa njira ina: magetsi anathima masana, ine ndinaiwala kuzula pulagi, ndipo atabwerera usiku ndinangomva fungo la pulasitiki wopserera. Kuyambira pamenepo chilichonse chimadutsa pa kachipangizo koteteza, ndipo magetsi akangothima ndimazula zonse ndisanayatse n'komwe kandulo.

Chinthu china chimene chimandidetsa nkhawa ndi makutu anu. Amplifaya yabwino simasokoneza mawu ngakhale mukweze kwambiri, kotero munthu sazindikira kuti wapyola muyezo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata akumvera pa 80 dB, ndipo mukangowonjezera 3 dB nthawiyo imatsika ndi theka. Inu ndi ine tadutsa kale zaka zimene khutu limamva 20,000 Hz, ndipo zimene zatsalazo palibe sitolo imene ingatigulitsenso zikatha.

Mawa tikaweruka kutchalitchi ndikutumizirani nyimbo ya amayi a Mvano ija, yosapanikizidwa, kuti mupite nayo kusitoloko pamodzi ndi mahedifoni anu. Mupemphe wogulitsayo akuloleni kuyesa amplifaya yokha polumikiza ku foni yanu, kenako DAC yake yodulayo pa mulingo wofanana wa mawu, ndipo mumvetsere pamene ng'oma ikulowa vesi loyamba litatha. Mudzandilembere zimene mwamva. Ngati mungapeze masiponji a m'makutu a DT 770 pamtengo wabwino, mundigulireko awiri, chifukwa anga aphwa moti makutu akukhudza chitsulo, ndalama ndidzakubwezerani mukafika.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Mayi a kunyumba akuti musaiwale kuwauza tsiku lenileni lofika kuti adzasunge chambo.

Ine mnzanu wa ku Chilomoni.