Tinagula nyumba, giza ndi kuka n'zakufa: tidule pa ndalama yotsala?

Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu. Mwezi wa May ine ndi amuna anga tinagula nyumba ku Chimwankhunda kuno ku Blantyre, titatopa ndi lendi ku Zingwangwa. Anatigulitsa ndi bambo achikulire amene timapemphera nawo mpingo umodzi. Anapuma pa ntchito ndipo abwerera kwawo ku Mulanje.

Tsiku lomwe tinakaona nyumbayi magetsi anali atazima. Bambowo anatiyendetsa chipinda ndi chipinda, kutionetsa kuka ya mapuleti anayi, giza ya m'denga ndi pampu yokweza madzi m'thanki. Anati zonsezo zili pa mtengo womwewo ndipo zilibe vuto. Dobadoba amene anatilumikiza ankangovomereza. Ife, poopa kuoneka ngati tikukayikira munthu wamkulu, sitinapemphe kudzaonanso magetsi akayaka. Pamenepo ndivomere, tinapusa.

Tinalowa m'nyumbamo mu June, chiperoni chitagwira. M'mawa woyamba ndinayatsa giza kuti ana asambe popita kusukulu, koma madzi anatuluka ozizira ngati a pachitsime. Wokonza zamagetsi atakwera m'denga anapeza elementi itapsa, giza yonse ili dzimbiri, ikudontha. Anandiitana kuti ndione siling'i ya kubafa: penti watsopano mbee, koma atakanda ndi chikhadabo panatuluka banga lachikasu la madzi, lakalekale. Kuka nayo imatentha mapuleti awiri okha, uvuni ndiye zii. Pampu yokha ndi imene inatimvera chisoni. Lero ndikutenthetsa madzi pa mbaula m'nyumba yomwe tinagulitsira minibasi yathu.

Nditawaimbira foni bambo otigulitsa aja anati zinthuzo zafera m'manja mwathu, mwina ndi kuzimazima kwa magetsi. Anandikumbutsanso kuti mu mgwirizano womwe tinasaina kwa loya muli mawu oti tagula nyumba momwe ilili. Mawuwo alimodi, ndipo katunduyu sanatchulidwe paliponse. Chomwe ndili nacho ndi uthenga wawo wa pa WhatsApp, womwe analemba tisanalipire, wonena kuti giza ndi kuka zikugwira ntchito.

Tatsala kuwapatsa K3 miliyoni, yomwe tinagwirizana kuti tidzapereka dzina likasinthidwa pa chikalata cha umwini wa nyumba ku ofesi ya za malo. Amuna anga akuti tingodulapo mtengo wa giza yatsopano ndi wokonzera kuka. Ine ndikuopa kuti bambowo akapsa mtima akana kusaina mapepala otsala, ndiye tikhala m'nyumba ya dzina la eni. Alamu anga akuti tipite kukhothi la majisitireti, koma kusumira mkulu amene Lamulungu amandipatsa moni pakhomo la tchalitchi, mtima sukundilola. Za kuka ndikanazisiya, chinthu chakale chimafa. Chikundiwawa ndi penti uja.

Azakhali, kodi mawu oti "momwe ilili" amateteza munthu amene anabisa vuto akulidziwa? Uthenga wa pa WhatsApp uja ungakhale umboni? Nanga tikadula ndalama tokha popanda iwo kuvomera, olakwira mgwirizano sitikhala ife? Kapena ndiyambe ndakaonana ndi loya uja ndi akuluakulu a mpingo? Mapepala akuti atuluka kumapeto kwa mwezi uno.

Mayi wothedwa nzeru,
Chimwankhunda, Blantyre