Za dzino lakolo, mwana wanga

Mwana wanga,

Ndati ndichite kulemba chifukwa pafoni umandidula, nkhani ikangolowera kudzino umati amama netiweki ikuvuta. Netiweki ya ku Kuwadzana imavuta pokhapokha tikafika padzino eti? Nde werenga olo italike, ndalemba usiku magetsi atabwera.

Lamulungu lija ndimakuona. Nsima umatafunira mbali imodzi, nyama unaisiya m'mbale iweyo amene umaswa ndi mafupa omwe, madzi a mufiriji unangolawa nkutsinzina diso limodzi. Tsaya lakumanzere latupa, ndipo usandiuze kuti wanenepa, munthu sanenepa tsaya limodzi. Mpongozi wanga akuti anakulembetsa kawiri konse kwa dokotala wa mano, koyamba unati kuntchito kwachuluka zochita, kachiwiri unakafika mpaka pageti nkubwerera. Usakamukalipire, ndinachita kumupanikiza ndine.

Sindikukuseka ayi. Manthawo ndikuwadziwa bwino chifukwa ndi anga, ndinakupatsa ndine, ndipo ine anandisiyira agogo ako aamuna. Koma pa atatufe amene anali ndi chifukwa chenicheni ndi iwowo basi.

Agogo ako anachoka ku Dedza cha m'ma 1950 kubwera kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya kuno ku Zimbabwe, nthawi imeneyo kukutchedwa Southern Rhodesia. Dzino litawavuta pafamupo kunalibe za dokotala, kunali bambo wina wa pakomboni amene ankadziwika kuti ali ndi dzanja, chida chake pulayazi yomweyo yokonzera njinga. Anawagoneka pamphasa, amuna atatu, wina miyendo wina manja wina mutu. Mankhwala ake kachasu theka la kapu. Dzino linathyokera pakati, mizu nkutsalira mkati, tsaya linatupa masabata angapo akupitabe kumunda chifukwa tikiti yolembapo masiku a ntchito sidikira odwala. Chomwe chimandiwawa, mlongo wako wa unesi uja anandiuza kuti mankhwala a dzanzi omwe amabaya lerowa, lignocaine, anali atapangidwa kale ku Sweden mu 1943, pofika 1948 akugulitsidwa. Analipo padziko, koma pakomboni ya anthu a ku Nyasaland sanafike. Kuchokera tsiku limenelo bambo anga sanayasamulirenso munthu aliyense. Atasamukira ku Mbare chipatala chinali pafupi koma ayi, nanga si panalinso mantha ena aja a mapepala, chitupa cholembedwa kuti alien, munthu umaopa khomo lililonse la boma kuti akakufunsa zambiri. Anamwalira ali ndi mano anayi mkamwa, chimanga chootcha ankangochinunkhiza.

Ife tinakula tikumva nkhani imeneyi madzulo aliwonse wina akangogwira tsaya. Ankatiuzanso kuti ukazula dzino lammwamba umachita khungu, ena amati mudzino mumakhala kanyongolotsi. Zonsezo bodza, koma mwana ukamva kwa bambo ako sufunsa. Nde tinkathana nazo tokha, mchere, phulusa, fodya wa mphuno kumuika pabowo, aspirin kumugoneka pankhama mpaka nkhama kupsa kuyera ngati pepala. Anyamata ena a pamzere pathu ankadontheza asidi wa mubatire yagalimoto, ndikunena zoona. Ine ndinapita koyamba ndili mtsikana wamkulu kale, tsaya lili ngati ndabisa bango. Tinakhala pabenchi kuyambira m'mawa, chitseko chake chopyapyala, aliyense wolowa timamumva. Pofika ine thupi lonse linali litatha kale. Anandibaya, sanadikire, nkuyamba kukoka, ndinamva chilichonse. Ndinatuluka ndikuti bambo ananena zoona, jakisoni wa mano ndi wabodza.

Tsopano apa ndi pomwe ndinakulakwira. Mu 1995 uli ndi zaka 8 dzino lako lina linabowoka, ukukumbuka ndinakuuza kuti tikupita kutauni kukagula nsapato ku Bata? Unavala malaya ako abwino aja, m'basi ukuimba. Tinakatsikira kuchipatala. Unandiyang'ana, maso amenewo mpaka lero ndimawaona. Pabenchi ndinakugwira dzanja ndikuti usaope sizipweteka, koma dzanja langalo linali thukuta lokhalokha likunjenjemera, ndipo mwana samvera pakamwa pa amake, amamvera dzanja. Dokotala asanakukhudze nkomwe unali utayamba kukuwa. Ndiponso kangati ndinakuopseza kuti ukapanda kumaliza phala ndikakubayitsa jakisoni kwa adokotala? Ndinkaona ngati ndikulera. Nsapatozo sindinagulenso, ndalama inathera komweko. Pepa mwana wanga, zinanditengera zaka zonsezi kuti ndinene.

Chinandisintha ine ndi shuga. Atandipeza nayo mu 2019 nkhama zinayamba kutuluka magazi ndikamatsuka, mano awiri kumagwedera, anesi anati shuga ndi matenda a nkhama zimakokana, china chikakula chinzake chimakulanso, pitani akakuoneni. Ndinazemba chaka chathunthu, kenako kunabwera corona ndinapeza pobisalira kkkk. Koma tsiku lina usiku ndinalephera kugona, mutu wonse ukugunda ngati ng'oma za gule ku Mufakose kuno, m'mawa mlongo wako anangondikweza kombi osandifunsa.

Ndinapeza kamtsikana, msinkhu wa mlongo wakoyo, ndinati kameneka nkamene kazule dzino langa? Ndinamuuza poyera kuti ine mwana wanga ndimaopa, ndikhoza kukuluma. Anaseka nkuti gogo si inu nokha, tsiku lililonse timalandira otero, amuna akuluakulu amakomoka pampando womwewu. Anandipatsa lamulo limodzi, mukafuna ndiime kwezani dzanja lamanzere ndiima pompo. Ndinamuyesa dala asanayambe nkomwe, anaimadi. Kanthu kakang'ono koma mtima unakhala pansi, chifukwa ndinazindikira kuti chomwe ndinkaopa zaka zonsezi si ululu wokha, ndinabereka ana anayi ine ululu ndimaudziwa, koma kugonekedwa chagada pakamwa pali yasa, sungayankhule, wina akupanga zomwe akufuna. Mphasa ya agogo ako ija. Anayamba wapaka kamankhwala pankhama kuti singano isamveke kwambiri, anabaya pang'onopang'ono, nkudikira mphindi zingapo mpaka mlomo unalemera ngati si wanga, anagogoda nkufunsa mukumva? Pozula ndinamva kukankha ndi kugwedeza ndi phokoso m'khutu, zimenezo sizichoka, koma kuwawa ayi.

Ndinamufunsa za jakisoni wabodza wa kale uja. Anati sanali wabodza, vuto dzino likafika potupa ndi mafinya mankhwala a dzanzi sagwira bwino pamalo pamenepo. Waona msampha wake? Woopa amadikira, akadikira dzino limaola mpaka kutupa, akapita litatupa jakisoni amavuta kugwira, akamva kuwawa amabwera kudzauza ana ake kuti kumeneko nkophedwa. Amene amapita kabowo kadakali kakang'ono amangomata nkubwerera kuntchito tsiku lomwelo, nde nkhani yawo sitiimva chifukwa palibe chokamba. Timangomva za ife ochedwa.

Nchifukwa chake ndimati mantha amenewa amayendanso ndi thumba. Ana omwe ndinkalera ku Borrowdale ndikugwira ntchito ya m'nyumba ankapita kwa dokotala wa mano ngati akupita kometa tsitsi, popanda chowawa, kukangowerengedwa mano nkupatsidwa kasitika, ena kuikidwa mawaya. Akaopa chani? Ife a ku Mbare, Mufakose, Mabvuku timadziwa khomo limenelo tsiku la tsoka lokha, ndipo mawu omwe timadziwa ndi amodzi, kuzula. 2008 ija ndani akanaganiza zomata dzino anthu tikugona pamzere wa buledi. Koma iwe suli mmenemo, medical aid amakudula mwezi ndi mwezi, ndalama ikungopita iwe ukumwa Brufen ngati mtedza. Ndipo ameneyo pamimba yopanda kanthu amakwapula zilonda za m'mimba, funsa mlongo wako.

Za amuna nde ndisayambe. Kumvano azimayi timakambirana, wina amati ine ndimaopa singano, wina phokoso la kamakina kobowolera kaja limandichititsa tsemwe, wina amachita manyazi kuti akamuseka mkamwa mmene mwaonongekera, timaseka nkuperekezana. Amuna simunena kuti ndikuopa, mumati ndilibe nthawi, mumati madokotala amangofuna ndalama, mumati lasiya lokha. Bambo ako malemu anali chimodzimodzi, munthu wosaopa njoka. Ndipo inu a masiku ano mwaonjeza china, mpongozi akuti usiku umaonera mavidiyo ozula mano pa TikTok. Ukudziopsezeranji wekha? Amene zinamuyendera bwino saika vidiyo.

Pa mawu akuti lasiya lokhawo ndimvetsetse. Dzino lomwe lakhala likuwawa kwambiri likangoti zii sikuti lapola, kawirikawiri ndiye kuti mtsempha wa mkati wafa, zoola zija zikutsikira kumizu. Makapisozi ogula pamsika aja amangoziziritsa masiku ochepa, gwero lili pomwepo. Nde ukaona kutupa kukutsikira pansi pa chibwano kapena kukwera kudiso, thupi kutentha, kukanika kumeza kapena kuyasamula, usadikire kuche, usadikire ine, pita ku casualty ku Parirenyatwa usiku womwewo, kutupa kwa pamenepo kumatha kutseka njira ya mpweya. Sindikuonjezera mantha, ndikungofuna udziwe choyenera kuopa chenicheni. Mwinanso salizula nkomwe, masiku ano amajambula kaye, ena amawatsuka mkati mwa muzu nkutseka dzino nkukhala. Mano a munthu wamkulu ndi 32 basi, ine ndatsala ndi 19, ndinawerenga.

Koma chandidzutsa usiku uno kwenikweni ndi mdzukulu wanga. Lamulungu lomwelo ndinamumva akuuza chidole chake kuti ukapanda kugona ndikutengera kwa dokotala akakuzule mano onse. Zaka 6! Anazimva kuti? Si kwa ine, ine ndinalapa. Mwana ameneyu sanaonepo mpando wa dokotala wa mano koma mphasa ya ku famu ija yamupeza kale, m'badwo wachinayi. Ndipo ndi msinkhu womwewu pomwe kumbuyo kwenikweni kumamera mano otafunira achikulu, amangotuluka popanda lina kugwa, nde makolo ambiri amaona ngati ndi aubwana omwe adzagwe okha, kumawasiya akubowoka ndi mafiriziti ndi Mazoe ndi tiyi wa masupuni anayi. Amenewo akapita apita, palibe loponya padenga kuti limere lina. Muzimutsukitsa kawiri patsiku ndi Colgate kapena wina aliyense wa fluoride, makamaka pogona, alavule koma asachukuche ndi madzi. Ndipo apite akamuone pano pomwe palibe chikumuwawa, akakwere mpando uja, awerengedwe mano, abwere. Osamunamiza za nsapato. Osamuuzanso kuti usaope sizipweteka, mwana amadabwa kuti bwanji akundiuza zimenezi. Ungoti tikupita akawerenge mano ako. Ulendo woyambawo asapite ndi iwe, dzanja lako lidakali ngati langa la 1995, apite ndi amake kapena ine.

Iweyo wako ndi Lachiwiri. Ndauza mpongozi akulembetse nthawi ya m'mawa kuti usakhale tsiku lonse ukuziganizira, komanso wauza kale a kumeneko kuti munthu wake ndi wamantha, usachite manyazi, amadziwa chochita. Udye kaye usanapite, wanjala ndi amene amachita chizungulire. Tenga zomvera m'makutu zako zija uziika nyimbo. Ukafika unene wekha za kukweza dzanja. Akakazula usakasute fodya wako uja masiku angapo ndipo usamachukuche mwamphamvu tsiku loyamba, magazi oundana pabalapo ndi omwe amapoletsa, akachoka mpomwe pamawawa zenizeni.

Ine ndidzakhala pokwerera makombi pa Copacabana 7 koloko, ndavala chitenje cha mvano kuti usanamizire kuti sunandione. Ndikakhala panja pabenchi, mkati ukalowa wekha. Phala la mtedza ndikuphikira madzulo ake. Ubwere ndi khadi la medical aid ndi poto wanga wamkulu uja munabwereka pa Khirisimasi.

Ndine mayi ako,
ku Mufakose